Bokosi Limene Ndinaolotsa

M'mawa umenewo Shire anali phee,
ngati ng'ombe yokhuta pamthunzi wa msangu.
Padooko panafika wapolisi, mfuti ili paphewa,
mayi wa magalasi, nsapato zili m'manja,
ndi bokosi lachitsulo la maloko awiri.

"Bambo Zuze, mupalase bwino.
Muli mayeso umu."

Ndaolotsapo mbuzi, njinga zisanu nthawi imodzi,
matumba a mapira, mkwatibwi akulira,
ndaolotsapo maliro.
Koma nkhafi sinanditererepo m'manja
ngati tsiku limenelo,
poti m'bokosimo munagona mafunso
odikira mwana wanga Nyathando
tsidya lija.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 2,
chaka chimene thonje linagwa mtengo.
Chimene ndimawerenga ndi madzi:
pamene akuzungulira pali chitsa,
pamene achita bata lonyanya pali mwini dziwe, wamano uja.
Koma dzina langa likakhala papepala
timadutsana ngati alendo pamsika.

Sukulu yawoyo ndimaidziwa.
Khoma lake lili ndi mzere wa matope
wolekeza m'khosi mwa munthu wamkulu,
pamene madzi a Januwale anasainira.
Miyezi iwiri m'makalasi munkagona othawa madzi,
mabenchi ena anapsereza nyemba za chithandizo,
ana n'kumakhala pansi pa nimu,
zana limodzi ndi makumi anayi
pamaso pa munthu mmodzi, a Fulukiya,
amene mawu amawathera Lachitatu lisanafike.
Choko chikatha amalemba ndi khala palata.
Buku limodzi, mitu isanu ndi iwiri,
ena analiphunzira chozondoka.

Nyathando ankawerengera tochi ya foni yanga,
udzudzu uli m'makutu,
thukuta likuboola kope.

Zotsatira zinatuluka masau akutha m'mitengo.
Anakhoza.
Koma pamndandanda wa opita ku sekondale panalibe dzina lake.
Ndinafunsa a Fulukiya,
kukhoza kwanji kopanda kolowera?
Anapukuta kumaso ndi mpango wotuwa:
"Bwato ndi limodzi, bambo,
okwera ndi chigwa chonse."

Usiku umenewo ndinalitukwana bokosi lija.
Ndinati bola ndikanalipereka kwa ng'ona.

Chaka chitatembenuka tinapita ku Bangula ndi thonje,
ine ndi iye, dzuwa likuwotcha ngati lili ndi mangawa.
Wogula anakoleka thumba pasikelo,
nalemba msangamsanga, dzanja likuphimba pepala.
Ndinali nditatambasula kale chala kuti ndidinde
pamene mwana anati, osakweza mawu,
"Sikelo yanena 46. Inu mwalemba 38."

Munthu uja anaseka.
Kenako anasiya kuseka.
Anafufuta.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikudinda chala pamenepo.
Ndi makilo angati anamira papepala
ine wodziwa madzi ndili chiimire,
ndikuthokoza?

Ndalama ya makilo asanu ndi atatuwo
inagula makope anayi ndi bolopeni.
Akubwereza sitandade 8.
Azakhali ake akuti wakula, kuli mnyamata wa ku Nchalo
wodula nzimbe, wa malipiro a pamwezi.
Ndawayankha kuti nzimbe zidikire.

Sindikudziwa ngati chaka chino adzamuitana.
Denga la kalasi yake silinabwerebe
kuchokera kumene mphepo inalipititsa.

Koma m'mawa uliwonse amakhala kutsogolo kwa bwato,
yunifolomu ili m'jumbo kuopa madzi,
ndipo tikafika pakati, pamene mtsinje umapuma,
amaviika chala n'kulemba pathabwa louma.
"Iyi ndi Z, bambo. Yanu."

Ndimaiyang'ana isanaume.
Yakhota kawiri,
ngati Shire akamayandikira ku Chiromo.
Njira imeneyo ndiye ndimaidziwa.