Botolo Lachisanu ndi Chiwiri

Ndinalitunga Lachiwiri m'mamawa kumunsi kwa mlatho wa Likangala,
nsapato m'manja, buluku nditapinda,
Abiti Mussa akutsuka mpiru wokagulitsa ku Mpondabwino.
Anayang'ana magolovesi anga, nati:
"Inu mpaka kuvala mphira kuti muwakhudze.
Ife timamwa."

Ku labu madziwo anagona m'kabati yofunda.
Lachinayi kambale kanga kanamera timadontho
tothithikana ngati mazira a chule.
Ndinawerenga mpaka mazana atatu, ndinaleka.
Pafomu pali kabokosi ka zoterezi:
zochuluka zosawerengeka.

Lipoti linakwera masitepe.
Kumwambako linakumana ndi a Makwinja ndi cholembera chawo chofiira.
Mawu oti "oopsa" anawakhwatcha,
pamwamba pake nalemba "ofunika kuunikidwanso".
"Ndife bungwe la boma, mwanawe, si wailesi.
Ukakuwa kuti moto mumsika, opondedwawo mlandu ndi wako."
Sindinganame, penapake ankanena zoona.
Botolo limodzi si mtsinje.
Koma ine ndinali nawo khumi ndi awiri.

Msonkhano unachitikira m'kalasi, mawondo athu akugunda timadesiki ta ana.
A kukhonsolo anati vuto ndi zimbudzi za m'mbali mwa mtsinje.
A m'mbali mwa mtsinje anati paipi ya zonyansa inaphulika kalekale,
kanunkhizeni nokha.
Mnyamata wina anati klorini ndiye akudwalitsa ana,
anazimva pafoni.
Kenaka onse maso kwa ife a makoti oyera,
aliyense kufuna kuti nambala ikhale mboni yake.

Nambala ilibe m'bale.
Sidziwa mwini paipi, sidziwa kumene inalowera bajeti.
Imangodziwa kuti m'kapu imodzi ya madzi aja muli khamu.

A Makwinja anayankhula mphindi makumi awiri:
kafukufuku akupitirira, komiti ikhala pansi.
Abiti Mussa anaimirira, Sakina ali kumsana, maso atalowa m'kati.
Sanayang'ane bwana. Anayang'ana ine.
"Achimwene a botolo, wanu mwana mungam'mwetse?"

M'kamwa munauma gwa.
Ndinaganiza za lendi, za fizi ya mng'ono wanga,
za galimoto ya ofesi imene tibwerere limodzi.
Ndinati ayi.
Liwu limodzi, lopanda chidindo, lopanda siginecha.

Masiku ano ndili ku stolo,
kuwerenga magolovesi ndi mabotolo opanda kanthu.
Akuti n'kusinthana ntchito chabe.
Lipoti likadali m'dirowa, likudikira komiti.

Usiku mvula yagwa kuphiri, Likangala wafiira.
Podutsa m'mawa ndaona utsi kuseri kwa nyumba ya Abiti Mussa,
ndowa yathunthu ili pamoto
ngakhale mtolo wa nkhuni wakweranso mtengo.
Kumunsi kwa mlatho atsikana awiri amatunga,
wina atagwada, akumwera m'manja.