Usiku Wogula pa Mita

Kuno ku Tromsø, mwezi wa Juni,
dzuwa ndi mlendo wosadziwa kutsanzika.
Limatsika mpaka pamutu pa phiri, n'kuzengereza,
kenaka n'kubwerera osalowa,
ngati munthu woiwala chipewa m'nyumba ya eni.

Ine ndimaphika buledi.
Wotchi imalira 3 koloko
kudzutsa munthu amene sanagone n'komwe.
Lachiwiri ndinathira mchere kawiri mu ufa.
Lachinayi mabanzi makumi anayi anapserera
ine ndili chilili pomwepo, maso ali tong'o.

Ndinayesa sokosi ya ubweya kumaso, inandiyabwa.
Ndinamata pagalasi pepala lonyezimira lija lokutira nsomba,
mpaka Oddbjørn wa nyumba yoyandikana
anandifunsa pampanda
ngati ndatsala pang'ono kupsa, andithire ndimu.

Ndiye Loweruka ndinatsetsereka kudoko,
ku sitolo ya mayi Gunnvor,
tepi yoyezera ili m'khosi, timapini tili pakamwa.
Iwo amagulitsa usiku pa mita.

Iyi, anatero, ndi ya timatabwa.
Ukakoka chingwe timatsinzina,
koma dzuwa limadutsabe m'mipata
n'kukulemba mizere kumaso ngati kope la mwana wasukulu.
Iyi yopyapyalayi ndi ya anthu ogona ngati mwala,
iwe usaiyang'ane.
Koma iyi!
Anaiphimba panyali, nyali n'kufa.

Tamvera, usayeze galasi lokha.
Wonjezera chikhatho kumanzere, chikhatho kumanja,
ndipo itsike mpaka ikhudze pansi.
Kuwala kuli ngati madzi,
sikupempha khomo, kampata kokha kakwana.

Ndinakanda m'mutu. Ndinati, pali vuto, mayi.
Pazenerapo pali kale katani,
yoyera, yamaluwa obiriwira m'mphepete.
Anasoka Ragnfrid chaka chomwe tinalowa m'nyumbamo.
Msoko wina unakhota
chifukwa ndinamuseketsa singano ili m'manja,
ndipo anakana kuphwasula, akuti ukhale mboni.
Papita zaka zitatu chimuikireni m'manda.
Sindinaichotsepo, ngakhale kuti ndikachape.

Mayi Gunnvor anatulutsa timapini pakamwa,
kamodzikamodzi, n'kutibaya pamkono wa juzi.
Wanena zochotsa ndani?
Ukakhome ndodo yachiwiri kumbuyo kwake.
Yakudayo iyang'ane dzuwa,
yamaluwayo iyang'ane iwe.

Ndinalipira mamita asanu.
Nsaluyo inali yolemera ngati mwana wogona paphewa,
ndinakwera nayo mtunda ndikupuma kawiri.

Ndinakhoma madzulo omwewo,
ngati tingati madzulo dzuwa lili phwee.
Msomali umodzi unapindika,
hamala inapeza chala changa chachikulu.
Nditakoka chonchi, chipinda chinati bii!
Ndinaima pakati, osaona ngakhale manja anga.
Kunja ana a Oddbjørn anali kumenya mpira
10 koloko ya usiku, zithunzithunzi zawo zili pambuyo,
mbalame za kunyanja zikulimbirana mutu wa nsomba padenga.
Ndinapapasa khoma, ndinapapasa mpando,
zala zanga n'kugwera pamsoko wokhota uja.
Ndinaugwira pang'ono.

Kenaka sindikudziwa.

Wotchi inalira mpaka kusasa mawu.
Buledi anachedwa ndi ola lathunthu,
asodzi anaima pamzere akung'ung'udza,
ine ndikupepesa, pilo atandidinda tsaya.

Novembala akadzatha, dzuwa lidzanyanyala
miyezi iwiri osaonetsa nkhope.
Pamenepo ndidzapinda usiku wanga wogulawu
n'kuuika m'kabati, pamwamba pa mabulangete,
poti waulere udzakhala utadzaza tauni yonse.
Pazenera padzatsala yamaluwa yokha,
kuti kakuwala kofooka ka masana kaja,
kamene sikatha ngakhale maola atatu,
kakadzabwera monyang'ama pachipale,
kasadzapeze potseka.