Matumba Asanu ndi Awiri

Ananditumizira mwana pa njinga:
akomiti akuti mubwere ndi nkhwangwa,
kachere walanda depoti ya ku Chiparamba,
akufuna kusungamo feteleza mvula isanagwe.

Ndinalawira mame asanaume.
Chitseko kulibe. Watsala loko yekha,
wadzimbiri, lende pa felemu,
kulondera mphepo.

Pamene pankakhala sikelo pamera msatsi.
Chisoso chandigwira buluku ngati wangongole.
Pawindo paja Mayingase ankatiwerengera ndalama za nsawawa,
akunyowetsa chala ndi malovu,
chitedze chapachikapo nyemba zake zaubweya,
chikuti sendera, udzalandire malipiro.

Malata anapita kale,
ena ndi kamvuluvulu, ena ndi anthu usiku.
Ndimawadziwa: afolera khola la nkhumba kutsidya kwa dambo.
Denga tsopano ndi masamba,
ndipo silidontha kuposa lija.

Khoma lakumadzulo ndinamanga ndine.
Ndinali mnyamata, ndevu zikungoyamba kumera,
chipande m'manja, pensulo kukhutu.
Kapitawo Layitoni Soko anandinong'oneza:
mchenga sulankhula, mphwanga, wonjezera wilibala ina.
Matumba asanu ndi awiri a simenti
anakwera ngolo mwezi utalowa,
kulunjika ku Kapata.
Gawo langa ndinagulira wailesi ndi nsapato zofiira,
zotsala ndinaperekera chimalo cha amake Tisauke.

Zaka zonsezi, mvula ikabwera ndi mkokomo
kuchokera kumapiri a Chipata,
ndinkadzuka, khutu tcheru,
kudikira kumva khoma langa likuti khuu!
Mkazi wanga ankati ndi mphenzi imene ndikuopa.
Wailesi inafa. Nsapato zinatha.
Khoma silinagwe.

Lero ndaona chifukwa chake.
Pumbwa wina, atakhuta, anatera pamwamba pa njerwa
nasiyapo chitosi,
m'chitosimo kambewu kochepa ngati dzira la nsabwe.
Mizu inatsika mopapasa ngati zala za wakhungu,
kuwerenga mzere ndi mzere,
ndipo paliponse pamene ndinanama, inalowapo.
Pamene ndinamana simenti, muzu unadzazapo.
Pangodya pamene chingwe changa chinakhota
wakulungapo mkono wonenepa ngati ntchafu ya ng'ombe.
Insipekitala wa boma anagogoda kawiri ndi kiyi wa galimoto
nasaina pepala.
Uyu wayendera ntchito yanga zaka makumi atatu
osadumpha njerwa ndi imodzi yomwe.

Ndinatema kamodzi.
Utomoni woyera unayenderera pa nkhwangwa,
mileme inati balala,
ndipo pakati pa njerwa panasosoka fumbi,
phwa, ngati ufa wofumbwa,
kugwera pa mapazi anga.
Ndinalitola, ndinalifikisa m'zala.
Mchenga wa mumtsinje wa Lutembwe, womwe uja.
Walankhula.

Ndinakhala pansi pa thabwa lodyedwa ndi chiswe.
Gulo anandiyang'ana, akugwedeza mutu
ngati anali nawo pa ngolo usiku uja.
Pakona, papaya wodzimerera wabereka asanu;
pali tinjira ta ana, pali makoko a nzimbe,
wina wajambula basi ndi khala
pansi pa mawu ofufutika a mitengo ya chimanga.

Layitoni anagona kalekale.
Manda ake ana anawaka bwino,
simenti yokwanira, yosalala, yopanda mng'alu,
udzu ndi umodzi womwe sumerapo.

Tsono akomiti ndikawauza chiyani?
Ndikati mtengo usadulidwe, adzafunsa chifukwa.
Kuti ndinene za mizu
ndiyenera kuyamba ndi matumba.

Ndadula msatsi, ndalambula chisoso,
chitedze ndachikokera panja ndi ndodo yaitali.
Pabala la kachere ndamatapo dothi lonyowa,
kusalaza ndi chikhatho
monga anandiphunzitsira.
Dzuwa lapendeka. Nkhwangwa ili paphewa.
Mseu wa kwa wapampando ndi uwu wakumanja,
wakwathu ndi uwo.
Msana wayamba kuyabwa.