Kulemera kwa Bambo

Njinga yapachipale ya bambo ikukumbukabe thupi lawo:
makilo zana ndi khumi, osawerengera nkhwangwa.
Ine ndikakwerapo imangondinyamula
ngati chipewa choiwalidwa pampando.

Lachiwiri, pakona ya pamlatho kuseri kwa Amos,
ndinapotoza chiwongolero kumanzere,
iyo n'kugontha m'khutu, n'kungolunjika,
mapazi ake akutsetsereka pamwamba osaluma,
mpaka mphuno phwa! m'nthambi za paini.

Ghislain wapagalaja sanandiseke.
Anati, Solange, khala pampando.
Anayeza ndi tepi mmene kumbuyo kwatsikira,
anapukusa mutu.
Bambo ako ankakonda chipale chakuya, chosaponda munthu,
n'chifukwa sipuling'i yapakati anaimanga chonchi.
Imanyamula mutu, mapazi n'kumayandama.
Iwe umayenda m'njira yopondedwa. Masula.

Sipanala inazizira mpaka kumata chala.
Mphete ya shokapu inakana, inalira, kenako inalola.
Kamodzi. Kawiri.
Pansi pa girizi ndinapeza kamzere ka penti yofiira,
chizindikiro chawo, choti apa ndiye pabwino.
Ndinaima kaye, mpweya ukufuka m'kamwa.
Ndinachidutsa.

Ndinkafuna kufupikitsa lamba tsiku lomwelo,
kulimbitsanso masipuling'i akutsogolo,
zonse zithe dzuwa lisanalowe naini koloko.
Ghislain anandilanda sipanala.
Chimodzi chimodzi, anatero.
Ukasintha zitatu, ikakugwetsa udzaimba mlandu chiti?

Ndiye sabata yonse inali yomweyo:
kupotoza, kukwera, kubwerera, kulemba pakatoni.
Lachinayi chiwongolero chinalemera, mapewa anawawa.
Ndinabweza theka.
Lachisanu phazi lamkati linanyamuka pokhota,
mtima nawo myaa, m'mwamba.
Loweruka lamba ndinamufupikitsa bowo limodzi lokha,
bowo limene bawuti inali isanalowemo chigulireni.

Lamulungu m'mawa, kuzizira kwa makumi atatu pansi pa ziro,
ndinafikanso pamlatho paja.
Ndinapendeka, bondo lili kunja,
ndipo zitsulo zapansi pa mapazi zinaluma chipale
n'kucheka mizere iwiri yopindika bwino,
ngati lumo pansalu.
Paini uja anadutsa kumanja, nthambi yake yothyoka ikulendewera.

Sindinakuwe. Ndinazimitsa injini patsidya.
Nkhalango inali zii, kupatula chitsulo chikuthetheka pozizira.

Madzulo ndinatenga penti ya mayi yopaka zikhadabo, yobiriwira,
n'kulemba kamzere kanga pashokapu.
Kofiira kaja sindinakafufute.
Pakati pa timizere tiwiri
pangokwana chikhadabo cha chala chachikulu.