Ntchito ya Kudikira

Bambo ankafuna ndidzagulitse mankhwala
pamsewu waukulu wa ku Rize,
nditavala jekete yoyera, ndalama zikulira m'kabati.
Anati: "Nesrin, tiyi wandipinda msana,
zaka makumi atatu ndikuthyola masamba paphiri ili,
ndiye iwe ukaphunzire kuuzira thovu la sopo?"

Sindinawayankhe. Ndinkaganiza za Tarık,
mlongo wanga, amene mawu ankamukakamira pakhosi
ngati munga wa nsomba.
Akayamba "ndi-ndi-ndi", amayi ankamumalizira,
aphunzitsi ankayang'ana wotchi,
anyamata m'basi ankamutsanzira mpaka potsikira.
Atakwana zaka khumi ndi ziwiri analeka kuyesa.
Lero amakonza injini za maboti padoko,
akafuna sipanala amaloza ndi chibwano.
Palibe anamudikira kuti amalize. Ngakhale ine.

Ndiye ndinasankha ntchito ya kudikira.

Chipinda changa chili pansanjika yachitatu
ndipo mvula ya kuno sidziwa kutopa.
Zida zanga mukhoza kuziseka:
kalilole, nthenga, kandulo yofupika,
makadi a zithunzi otafunidwa m'mphepete.

Doruk anabwera ali ndi zaka zisanu,
makutu atawatseka ndi zikhatho.
Maso anga sankawafuna. Ankafuna chivindikiro cha botolo,
kuchizunguza pansi, kuchizunguza, kuchizunguzanso.
Mayi ake, Sevcan, anakhala pafupi ndi chitseko,
chikwama pamiyendo,
nandifunsa chapansipansi: "Adzandiitana?"
Ku Ankara anatiphunzitsa minofu ya m'kamwa,
njira ya mpweya, malo a lilime pa chilembo chilichonse,
koma funso limenelo silinabwere pamayeso.
Ndinangoti: "Mubwere Lachiwiri."

Miyezi isanu ndi iwiri, Lachiwiri lililonse.
Ndinkagona chafufumimba pakapeti
kuzunguza chivindikiro changanso.
Anandiluma kawiri padzanja.
Masiku ambiri m'fayilo ndinkalemba kuti: lero palibe.
Madzulo, basi ikamakwera phiri,
ndinkawerenga masitolo a mankhwala,
asanu ndi anayi, onse owala mbee.

Tsiku lina kunatentha.
Ndinaika kapu ya madzi pashelefu, poti sangafikire,
ndinabisa manja kumbuyo, ndinaluma lilime langa.
Anakoka siketi yanga. Anapondaponda pansi.
Mumtima ndinawerenga mpaka makumi awiri,
manyazi akundigwira ngati wakuba.
Kenaka mano anakumana,
mpweya unatuluka ngati tayala lobooka,
milomo inasongoka:
"Su."
Madzi, m'chinenero chathu. Zilembo ziwiri basi.
Chikwama cha mayi ake chinagwa, makiyi anamwazika,
palibe anawerama kuti atole.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo mawu anasefukira.
Milungu itatu yotsatira anangoti duu.
Pano ali ndi mawu khumi ndi limodzi
ndi makadi amene amandimenyetsa nawo pachifuwa akakwiya,
ndipo nakonso ndi kulankhula.
"Amayi" sanafikebe. Sevcan amabwerabe Lachiwiri.

Bambo akamandionetsa kwa anzawo
amati, "Awa ndi adokotala a thovu,"
koma nthenga yomwe ndikugwiritsa ntchito chaka chino
anatola okha m'munda, naisunga m'thumba la malaya.

Lamlungu lapitali ndinatsikira kudoko.
Tarık anapukuta girisi m'manja, anaitanitsa tiyi muwiri.
Ndinamuuza za mwana wa chivindikiro.
Anayang'ana nyanja nthawi yaitali,
nsagwada zikugwedezeka,
ndipo anayamba: "Ndi-ndi-ndi..."
Mawu omalizira ndinali nawo kale kunsonga ya lilime.
Ndinawameza.
Tiyi anazizira m'matambula,
boti lina linalowa, lina linatuluka,
ine manja pamiyendo, ndili phee,
mpaka anafika yekha kumapeto a chiganizo chake.