Loko pa Mjigo

Lolemba anabwera a komiti ya zaumoyo,
Mayi Marufu patsogolo, kabotolo m'manja,
natunga madzi pa mjigo wathu wa ku Budiriro
ngati akutenga magazi a wodwala.

Lachinayi anabweranso ndi unyolo.
Tinawatukwana m'Chishona,
ine ndikuthira tsabola m'Chichewa cha malemu bambo
kuti asamve.
Anamva. Kuchikazi kwawo ndi ku Dedza.
Anangolemba m'kaundula:
paipi ya suweji yaphulika pansi.

Tsopano ndimakankha wilibala
mpaka kuseri kwa kiliniki,
zigubu ziwiri, madzi onunkha klorini.
Kung'ung'udza sindinasiye.

Koma Tiyanjane wanga wadzuka, wapempha tiyi,
ndipo bedi lobooka pakati lija
dzulo analitsuka, naliimika padzuwa
lopanda munthu.