Maso Awiri pa Thabwa

Pa Chitakale, kuseri kwa sitolo ya matayala,
amalume a Muheziwa amangirira makamera awiri
pa thabwa la mkungudza.
Imodzi anagula ku Limbe, inayo anasinthanitsa ndi njinga.
Si mapasa ayi,
koma akuti aphunzira kuyang'ana pamodzi.

"Pakati pake papite zala zinayi,
monga anatalikitsira maso ako Namalenga."
Ine ndagwira sipanala,
ndikulondera kathovu m'kabotolo ka madzi,
kakungothawira kumanzere ngati mwana woba shuga.
Tapinda chikhokho cha machesi, tachiika pansi pa mwendo umodzi.
Kathovu kabwerera, kakhala pakati, phee.

Yakumanja yalunjika Chambe.
Yakumanzere yatukula mphuno pang'ono,
mwina mulingo wa chikhadabo,
koma kapang'ono komweko kamawawitsa mutu wa woonera,
phiri limodzi n'kusanduka mapiri awiri osapatsana moni.
Masula. Manga.
Masulanso.

Kenaka mabatani awiri, chala changa ndi chawo, mpweya umodzi.
Dzulo ndinachedwa ndi kuphethira kumodzi kokha:
mayi wothyola tiyi anaima njo m'diso lino,
m'diso linalo anali atawerama kale,
ndipo mtambo wa chiperoni unazemba pakati pa zala zathu.

Lero kwamveka tche! kamodzi.

Madzulo zithunzi ziwiri zagona pathebulo,
zofanana ngati mazira kwa munthu wofulumira.
Ndalowetsa mphuno m'kabokosi ka magalasi.
Maso ayamba akangana, kenaka amvana,
pepala n'kubooka:
mizere ya tiyi yathamangira kutali,
nthambi ya mpeyala ikufuna kundikanda patsaya,
pakati pa mayi uja ndi phiri
pali mphepo yoti munthu n'kuyendamo.

"Ukuona chiyani, Ndaziona?"
Afunsa nkhope italoza kukhomo.
Diso lawo lakumanzere linachita ng'ala
chaka chomwe ndinasiya sukulu,
ndipo kuya kumene akhala akukusaka miyezi isanu
iwo sadzakuona.

Ndawauza zonse, mosathamanga,
dzanja langa likuyenda m'malere,
ichi chili pano, icho chili uko, icho kutsidya.
Amvetsera ngati akuwerengera ndalama.

"Mutu sukupweteka?"
Ayi.
"Ndiye mawa tilawirire ku Likhubula, kumathithi.
Madzi sadikira chala cha munthu.
Ugone msanga."

Akuta makamera ndi nsalu imodzi.